ULENDO WA KU CHEMBE, KUMENE NSOMBA ZILI NDI MALO AKE OTHAWIRAKO

Amayi anzanga, sabata ino tiyambe tasiya nkhani za kusoka ndi kuphika. Mangani chitenje chanu, tipite kunyanja. Ambiri a ife nyanja timaidziwira m'mbale basi. Usipa wa pamsika, utaka wowamba, chambo chimene timagula tsiku limene kwabwera alendo: zonsezi timadya osafunsa kumene zachokera, ngakhale kuganizira ngati adzukulu athu adzazilawe. Lero ndifuna ndikuperekezeni ku Chembe, m'boma la Mangochi, malo amene alendo amawatcha Cape Maclear. Kumeneko kuli chinthu chimene chikukhudza mphika wanu, ngakhale mukhale ku Dedza, ku Ndirande kapena ku Mchinji.

Mukachoka pa boma la Mangochi mutsata msewu wa ku Monkey Bay. Nyanja idzakhala kudzanja lanu lamanja, nthawi zina ikuoneka, nthawi zina yabisika kuseri kwa milambe ndi migwalangwa. Mutatsala pang'ono kufika pa Monkey Bay mukhotera kumanzere, ndipo kuchokera pamphambano pamenepo patsala makilomita ngati 18. Msewu umenewu ukwera ndi kutsika pakati pa mapiri a miyala ikuluikulu. Anyani amakhala chete m'mbali mwa msewu kuyang'ana odutsa, monga eni mudzi amene sadabwanso ndi mlendo.

M'njira momwemo muima pa Mwala wa Mphini. Ndi thanthwe lalikulu limene nkhope yake ili ndi mizere yozama yopingasana, ngati mphini zimene agogo athu aakazi ankatema pamasaya ndi pamphumi. Palibe munthu amene analitema. Ndi dzuwa, mvula ndi zaka zosawerengeka zimene zinalemba mizere imeneyi. Boma linaika mwalawu m'gulu la malo a mbiri ya dziko oyenera kusungidwa. Muuyang'ane bwino, pakuti ndiwo chinthu chokha paulendo uno chimene mudzachipeza chili chimodzimodzi mukadzabweranso patapita zaka 20. Zina zonse zikusintha.

Mukatsika phiri lomaliza, mudzi wa Chembe udzatambasuka pamaso panu, ndipo kutsogolo kwake madzi obiriwira ngati thambo. Kudzanja lamanja kuli chilumba cha Domwe, chachitali ngati ng'ombe yogona. Kutsogolo kuli Thumbi, ndipo patali ndithu Mumbo. Pagombe pali piringupiringu kuyambira mbandakucha. Amayi akutsuka mbale ndi kuchapa, ana akusambira, alovi akusoka makoka pamchenga, ndipo pamathandala usipa ukunyezimira padzuwa. Fungo la nsomba ndi utsi wa nkhuni zimakulonjerani musanalonjeredwe ndi munthu.

Musanakwere bwato, yendani kaye chakumadzulo kwa mudzi, kufupi ndi malo otchedwa Otter Point. Pamenepo, patsinde pa phiri, pali manda a amishoni. David Livingstone anafika pamalo ano m'chaka cha 1861 nawapatsa dzina la bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi wa ku Cape Town. M'chaka cha 1875 amishoni a ku Scotland, pamodzi ndi Dr. Robert Laws, anafika pa sitima yotchedwa Ilala namanga mishoni ya Livingstonia pompano. Malowo anawakonda chifukwa cha dooko labwino ndi kukongola kwake. Koma chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Malungo anawatha mmodzimmodzi, ndipo m'chaka cha 1881 anasamukira ku Bandawe, kenaka mu 1894 anakwera phiri la Khondowe kumene Livingstonia ili mpaka lero. Anthu amenewa anabwera ndi chikonzero chimene anachikhulupirira ndi mtima wonse. Ataona manda akuchuluka anakhala pansi, nachiunikanso, nachisintha. Akadaumirira, mishoniyo ikadathera pamchenga pomwepa. Phunziro limeneli mulisunge, tilifunanso posachedwa.

Tsono kwerani boti tipite ku Thumbi. Mukafika pamiyala ya chilumbachi, weramani muyang'ane m'madzi. Mudzaona tinsomba tambirimbiri ta mawanga a buluu, achikasu, ofiirira ndi a mizeremizere, ngati nsalu zoyalidwa m'sitolo. Nsomba zimenezi ndizo mbuna. Sizikula kwambiri, ndipo zimadya ndere zomera pamiyala. Chodabwitsa chake n'chakuti mbuna sizikonda kuchoka pamiyala pamene zinabadwira. Mchenga ndi madzi akuya zimaziopa, kotero kuti mitundu ina imapezeka pachilumba chimodzi chokha padziko lonse lapansi. Ikatha pamenepo yatheratu, palibe kwina kokaitenga. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba mazanamazana, kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo yochuluka mwa iyo sipezeka kwina kulikonse.

Inu amene munabereka mwana kumbuyo, imvani za kaleredwe ka nsomba zimenezi. Yaikazi ikaikira mazira imawatola ndi kuwasunga m'kamwa mwake kwa masabata ngati atatu. Nthawi yonseyo sidya bwino, imangoonda. Chambo nachonso chimachita chimodzimodzi: chachimuna chimakumba chisa chonga beseni pamchenga wa m'madzi osaya, chachikazi chimafungatira mazira ndi ana m'kamwa, ndipo ana akayamba kutuluka amathawiranso m'kamwa mwa mayi wao pakachitika choopsa. Chotero khoka likakokolola nsomba imodzi yofungatira, silinaphe imodzi ayi, lapha banja lonse. Ichi ndicho chifukwa chake boma limatseka usodzi wa makoka panyanja ino kuyambira mwezi wa Novembala, nyengo imene chambo chimaswana.

Pofuna kuteteza chuma chimenechi, m'chaka cha 1980 boma linakhazikitsa paki yotchedwa Lake Malawi National Park. Inali yoyamba padziko lonse kukhazikitsidwa makamaka pofuna kuteteza nsomba za m'madzi opanda mchere. M'chaka cha 1984 bungwe la UNESCO linailemba m'kaundula wa malo amene ali chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Kukula kwake ndi masikweya kilomita ngati 94. M'menemo muli mapiri a Nankumba, mapiri a Mwenya ndi Nkhudzi, ndi zilumba 13, kuphatikizapo Boadzulu kummwera ndi zilumba za Maleri kufupi ndi Salima. Gawo la madzi ndi laling'ono, masikweya kilomita ngati 7 okha. Lamulo lake ndi ili: kuchokera pagombe la paki kapena la chilumba chake, mamita 100 kulowa m'madzi, munthu asaponyemo khoka, ukonde kapena mbedza. Mamita 100 ndi utali wa bwalo la mpira. Kamzere kameneka ndiko nyumba ya mbuna, ndiponso pothawira pa ana a nsomba zina zimene ife timadya.

Komatu paki imeneyi siili ngati Kasungu kapena Nyika, kumene anthu anasamutsidwa. Midzi isanu inasiyidwa m'kati mwake: Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chidzale. Anthu a m'midzi imeneyi kumbuyo kwao kuli nkhalango yoletsedwa, kutsogolo kwao kuli madzi a malamulo. Minda ndi yochepa. Moyo wao wonse uli panyanja ndi pankhuni za m'phiri. Kuti anthu ndi paki akhalire limodzi pamafunika dongosolo lolembedwa, limene akuluakulu a Dipatimenti yoona za mapaki ndi nyama zakutchire amalitcha ndondomeko ya kasamalidwe ka paki.

Mwina mufunsa kuti m'ndondomeko yotere mumalembedwa chiyani. Mumalembedwa malire: apa mposodza, apa mposasodza, apa mpomanga nyumba za alendo, apa ayi. Mumalembedwa za nkhuni zouma zimene amayi amaloledwa kutola m'nkhalango ndi chilolezo, za udzu wofolera, za alonda ndi maboti ao, za kuwerenga nsomba kuti adziwe ngati zikuchuluka kapena zikutha, ndiponso za gawo la ndalama za alendo limene limabwerera kumidzi kudzera m'bungwe la Mangochi Salima Lake Park Association. Mwachidule, ndi pangano la pakati pa boma, midzi ndi nyanja.

Ndondomeko yotere saiyembekezera kukhala mpaka muyaya. Imalembedwa kuti igwire ntchito zaka zowerengeka, kenaka iunikidwenso. Paki ino inali ndi ndondomeko ya zaka za 2007 mpaka 2011. Zaka zakezo zitatha panapita nthawi ndithu isanalowedwe m'malo, ndipo mu 2014 a UNESCO anapempha dziko lathu kuti liikonzenso. Pambuyo pake panalembedwa ina ya zaka za 2019 mpaka 2024. Inu mukudziwa kuti diresi limene munasokera mwana ali mu Sitandade 1 silingamukwane ali mu Sitandade 5. Mayi wanzeru amamuyeza mwanayo kaye asanadule nsalu yatsopano. Kuunikanso ndondomeko ndiko kuyeza kumeneko: kufunsa kuti mwa zimene tinalonjeza tachita ziti, zalephereka ziti, ndipo chabwera chatsopano n'chiyani chimene sitinachiganizire.

Zosinthazo ndi zambiri, ndipo mudzaziona nokha mukamayenda pagombe la Chembe.

Choyamba ndi kuchuluka kwa anthu. Kalembera wa 1977, paki isanakhazikitsidwe, anapeza kuti m'dziko muno munali anthu 5.5 miliyoni. Wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Chembe, umene unali mudzi wa asodzi owerengeka, tsopano uli ndi anthu oposa 10,000. Pakamwa pachuluka, maukonde achuluka, koma nyanja ndi yomwe ija, phiri ndi lomwe lija.

Chachiwiri ndi zida zophera nsomba. Kunabwera maukonde a ulusi wonga wa pulasitiki, otsika mtengo, amene akaduka ndi kutsalira m'madzi saola msanga, amangopitiriza kukola nsomba popanda wozikolola. Boma linawaletsa, koma amalowabe mobisa. Kunabweranso mchitidwe wosoka masikito kukhala khoka. Neti imene munalandira kusikelo kuti iteteze mwana ku malungo, yomwe ija, imakokolola ngakhale tiana ta nsomba tosaoneka bwino ndi maso. Zotsatira zake tinaziona ku nyanja ya Malombe, kumene chambo chinali chosasowa m'zaka zoyambirira za m'ma 1980, koma pofika m'ma 1990 chinali chitatsala pang'ono kutheratu. M'chaka cha 2018 akatswiri a bungwe la IUCN anaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yaikulu yakutha.

Chachitatu chikukhudza thupi lanu ndi la ana anu. Kale anthu ankati madzi oyera a pamchenga wa Chembe alibe likodzo. Koma kuyambira m'zaka za m'ma 1980 matendawa anayamba kuchuluka. Akatswiri amene anafufuza pamalo ano anapeza kuti nsomba zina zimene zimadya nkhono zinali zitachepa chifukwa cha makoka a m'mbali mwa gombe, ndipo nkhono zosunga tizilombo ta likodzo zinaswana mopanda woziletsa. Kayendedwe ka matendawa nkotere: wodwala akakodza m'madzi, mazira a tizilombo amaswa, tizilomboto timalowa m'nkhono, timakula, kenaka timatuluka ndi kuboola khungu la munthu amene waima m'madzimo. Ndani amaima m'madzi nthawi yaitali kuposa mayi wochapa ndi mwana wosambira? Kwa amayi likodzo limatha kubweretsa zilonda m'njira ya chiberekero, kupweteka m'chinena, ngakhale kuvuta kwa kubereka, ndipo ena amanamiziridwa matenda a chiwerewere pamene ali osalakwa. Mankhwala ake, otchedwa praziquantel, alipo kuchipatala, ndipo amene wasamba m'madzi otere achite bwino kukayezetsa. Koma taonani m'mene nsomba yophedwa pagombe inasandukira matenda m'nyumba. Amene analemba malamulo oyamba a paki sakadalota zimenezi.

Chachinayi ndi nkhuni. Kuphika kumafuna nkhuni, kuwamba nsomba kumafuna nkhuni, kufutsa usipa kumafunanso nkhuni. Mudzakumana ndi amayi akutsika m'phiri ndi mitolo yolemera pamutu, atayenda mtunda umene amayi ao sankayenda. Mitengo ikatha m'phiri, mvula imakokolola dothi kulowa nalo m'nyanja, ndipo matope amakwirira ndere zimene mbuna zimadya. Njira zochepetsa vutoli zilipo. Ku Chembe ndi ku Msaka kunayesedwa nyumba za pulasitiki zoumitsira nsomba ndi kutentha kwa dzuwa, zimene zimatetezanso usipa ku ntchentche, fumbi ndi mvula. Ndondomeko yatsopano iyenera kunena momveka m'mene zinthu zotere zingafikire mayi wamba wogulitsa nsomba.

Palinso zina zochokera kutali ndi mudzi. M'chaka cha 2011 boma linayamba kupereka ziphaso zofufuza mafuta pansi pa nyanja, ndipo ambiri anada nkhawa, pakuti madzi a nyanja ino satuluka msanga: mtsinje wotulutsa madzi ndi umodzi wokha, Shire, ndipo chonyansa chikalowa chingakhalemo mibadwo yambiri. M'chaka cha 2024 nyanja inadzaza kwambiri nimeza nyumba ndi malo ogona alendo m'magombe a Mangochi. Madzi akakwera chotero, gombe limasuntha, ndipo funso la pomwe munthu angamange liyenera kufunsidwanso.

Tsono musaganize kuti nzeru yosunga nsomba inabwera ndi mapepala a boma okha. Mukadzapita ku Salima mudzafunse za chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu a kumeneko amatseka chilumbacho m'nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala, ndipo amachitsekula mu Epulo pamwambo umene anthu amasonkhana. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa. Mpaka lero utaka wa ku Mbenji ndi wotchuka chifukwa cha kukula kwake. Mphamvu ya Mbenji ili pakuti chaka ndi chaka anthu amakumana, malamulo amanenedwa poyera, ndipo aliyense amawadziwa ndi kudziwa mwini wake. Lamulo la za usodzi la 1997 linatsegula khomo lomweli m'dziko lonse, polola makomiti a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kugwira ntchito limodzi ndi boma posamala nsomba.

Koma pali chimodzi chimene ndifuna tichilankhule ife tokha amayi. Pachilumba cha Mbenji mwambo sulola akazi kufikapo. M'magombe ena mwambo wotere kulibe, komabe pamisonkhano ya za nyanja kawirikawiri amayi timakhala kumbuyo, kapena sitipita n'komwe, poganiza kuti nkhani ya nsomba ndi ya abambo. Kodi amene amagula nsomba bwato likangofika ndani? Amene amaziyanika, kuziwamba ndi kupita nazo ku Limbe kapena ku Lilongwe ndani? Amene amadziwa kuti chaka chino usipa ndi waung'ono kuposa chaka chatha, kuti nkhuni zouma zatha m'dera lakuti, kuti ana a m'banja lakuti akukodza magazi, ndani? Zimene akatswiri amazifufuza ndi ndalama zambiri, inu mumaziona tsiku ndi tsiku. Ndondomeko yolembedwa popanda mawu anu idzakhala ndi diso limodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Chotero inu amayi a m'mbali mwa nyanja, mukamva kuti a paki kapena a zausodzi aitanitsa msonkhano kwa amfumu, siyani mtondo mupite. Khalani kutsogolo, ndipo mufunse mwaulemu koma mosaopa. Funsani kuti ndondomeko imene ikugwira ntchito tsopano ndi ya zaka ziti, ndipo idzaunikidwa liti. Funsani kuti mwa zimene zinalonjezedwa m'ndondomeko yapita zachitika ndi ziti. Funsani kuti ndalama za alendo zobwerera kumudzi zinali zingati ndipo zinagwira ntchito yanji. Funsani za masiku otola nkhuni, za zimbudzi za pagombe, za malo otayira zinyalala. Pemphani kuti zimene mwagwirizana zimasuliridwe m'chinenero chimene inu mungawerenge, ndipo pepala lake likhale kwa amfumu. Posankha komiti ya pagombe, onetsetsani kuti muli amayi amene adzalankhula, osati ongodzaza mpando.

Nanga inu a m'tauni ndi a kumtunda, amene nyanja mumaiona kamodzi pa zaka zambiri? Gawo lanu lili pamsika. Mukaona kasawala, ana a chambo osafika ngakhale pachikhatho, akugulitsidwa m'milu, dziwani kuti chimenecho ndicho chambo cha chaka chamawa. Wogula akasowa, wopha adzaleka. Ndikudziwa kuti ndiwo zakwera mtengo ndipo nthawi zina dzanja limapita kumene ndalama ikukwanira. Palibe amene angakudzudzuleni podyetsa ana. Koma pamene mungathe kusankha, sankhani usipa wokhwima kapena utaka m'malo mwa kasawala. Neti ya udzudzu ikhale pamphasa ya mwana, ndipo m'bale akadzaipempha kuti apite nayo kunyanja, mumukanize. Madzi akatayika saoleka.

M'chaka cha 2022 maiko a dziko lapansi anagwirizana mumzinda wa Montreal kuti pofika 2030 adzakhale atateteza magawo 30 mwa magawo 100 alionse a mtunda ndi madzi. Anansi athu a ku Mozambique anaika mbali yao ya nyanja yomweyi pansi pa chitetezo mu 2011. Mapangano ameneWa ndi abwino, koma amakwaniritsidwa kapena kulephereka pagombe ngati la Chembe, pamene mlonda, msodzi ndi mayi wowamba nsomba amakumana m'mawa uliwonse.

Musachoke ku Chembe dzuwa lisanalowe. Khalani pamchenga muone likumira kuseri kwa zilumba, nkhwazi ikulira komaliza pamtengo wake. Mdima ukagwa, nyali za asodzi a usipa zimayaka pamadzi, mzere wautali ngati mudzi wina woyandama. Nyali iliyonse ili ndi banja kumbuyo kwake, lodikira fizi ya sukulu, ufa ndi sopo. Pansi pa madzi omwewo, m'kati mwa mamita 100 aja, nsomba yaikazi yabisala pamwala ndi ana ake m'kamwa. Onsewa ayenera kukhala ndi moyo, ndipo pepala limene limawagawira malo liyenera kuwerengedwanso nthawi yake ikakwana, inu muli pomwepo.

Mukafika kunyumba, kambiranani nkhaniyi ndi abambo a kwanu ndiponso ndi amayi anzanu kumpingo ndi kuchitsime. Tidzakumananso patsamba lino sabata yamawa.